Dzimbiri la pa Mfuti ya Aneba

Bambo anga anafika ku South Bend chimanga cha m'minda ya kuno chitayamba kuuma, ine ndili woyembekezera mwana wanga woyamba. Ulendo umenewu unayenera kukhala wa mayi, koma mayi anali atatisiya kale, ndiye ndinauma mutu kuti bambo abwere m'malo mwawo. Achibale kumudzi anandiseka. Ati mwamuna akakatani ku chikuta? Ine sindinawamvere. Ndinkafuna kuti tsiku limene ndidzachire, pafupi pakhale munthu wamagazi anga, basi.

Masabata oyambirira zinayenda bwino. Amuna anga anawakweza sitima ya ku Chicago, bambo anakaona nyumba zazitali mpaka khosi kuwawa. Kenaka zokaona zinatha. Ine ndinkagwira ntchito ya unamwino pachipatala cha m'tauni, amuna anga ankaphunzitsa pakoleji, ndipo m'mawa uliwonse tinkatuluka mothamanga n'kuwasiya okha ndi wailesi yakanema imene sankaikonda n'komwe.

Muwadziwe kaye bambo anga. Moyo wawo wonse anali dalaivala wa ambulansi pachipatala china cha mishoni ku Mulanje, kumene mvula siipuma, ndipo mdani wawo wamkulu padziko lapansi anali dzimbiri. Ena amadana ndi afiti, ena amadana ndi andale, koma bambo anga ankadana ndi dzimbiri. Njinga yawo inkawala mpaka masipokosi. Ndiye atasiyidwa okha m'nyumba mwathu, anayamba ndi masupuni. Anapita pa mapoto, zogwirira zitseko, mipope ya kubafa, ngakhale unyolo wa pageti. Tsiku lina ndinapeza amuna anga akubisa wotchi yawo m'sokosi. Posapita nthawi m'nyumba monse munalibenso chopolisha, ndipo bambo anayamba kukhala pawindo manja ali pamaondo.

Tsiku lina tikudya anaika supuni pansi n'kunena kwa amuna anga kuti, "Apongozi, mlendo ndi mame. Tandisinthirani tikiti ija ndibwerere sinowo isanayambe. Muno ndangokhala ngati katundu, ndipo zimene zikubwerazo ndi za azimayi."

Ndinangoti, "Bambo, dikirani pang'ono," chifukwa kwa bambo ako sungatsegule pakamwa ponse. Koma kuchipinda amuna anga ndi amene anazimva zonse. Ndinawauza kuti akayerekeza kukhudza tikitiyo azikagona kugalaja. Iwo, munthu wamtendere, anayamba kuwauza bambo kuti netiweki ikuvuta. Mawa lake netiweki inavutanso. Bambo sanali mwana, ankangowayang'ana.

Pakhomo loyandikana ndi lathu pankakhala mayi wina wachizungu, wamasiye, wokalamba koma wamkamwa mwakuthwa ngati ine. Tinkangowatchula kuti aneba. Bambo ankawasesera masamba pabwalo, iwo n'kumawapatsira makeke pamwamba pa mpanda. Lachinayi lina madzulo aneba anagogoda pachitseko atanyamula chinthu chachitali chokulungidwa m'bulangeti. Atachifunyulula patebulo, ine ndinabwerera m'mbuyo. Inali mfuti.

Chinali chifefe cha mipope iwiri yogundana, chokhala ndi tinyundo tiwiri kunja timene umayamba wakokera m'mbuyo usanawombe. Mipopeyo inali yofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Aneba anati inali ya agogo a malemu amuna awo, ndipo yakhala m'kabati kuyambira kalekale. Ankafuna kudziwa ngati ili yamtengo kapena yongopachika pakhoma. Anamva za mkulu wina wodziwa mfuti zakale ku Speedway, pafupi ndi Indianapolis, koma iwo anali atasiya kudiraiva maulendo ataliatali, ndiponso mawa lake ankakagonekedwa kuti awapange opaleshoni ya bondo. Ankadziwa kuti Loweruka limenelo tinkapita ku Indianapolis kokagula zakudya zakwathu, monga tinkachitira mwezi uliwonse.

Amuna anga anakanda m'mutu. Munthu wakuda, mfuti m'buti, msewu wautali, apolisi. Aneba anati anafunsa kale, mfutiyo ndi yakale kwambiri moti lamulo limaiona ngati chinthu chamakedzana chabe, ndipo zipolopolo zake panalibe. Tinavomera. Bambo anangoyendetsa chala chachikulu pampope umodzi, n'kuchiyang'ana, n'kutsonya pang'ono. Ndinawaona ndithu, koma sindinaganizepo kanthu.

Lachisanu titabwera kuntchito tinapeza patebulo payalidwa nyuzipepala, ndipo pamwamba pake pagona mfuti ija. Mayo ine, kuwala kwake! Mipope yonse iwiri inali mbee, munthu kudzionapo nkhope. Bambo anali pampando akunamizira kuwerenga, zala zili bii.

"Chinthu cha mwini sumapita nacho kwa anthu chili chakuda," anatero asanafunsidwe n'komwe. "Poto wobwereka umabweza utamukwecha. Mayi aja ndi okalamba, alibe mphamvu zoisamalira. Mukufuna a ku Indianapolis akanene kuti Amalawi ndi auve?"

Anagwiritsa ntchito sitiliwulu wanga yense wokwechera mapoto, phulusa la m'mbaula yathu yowotchera nyama, ndi mandimu a m'firiji. Anayamba titangotuluka ndipo sanadye nkhomaliro. Ife tinawomba m'manja. Inde, ine namwino ndi amuna anga aphunzitsi a pakoleji, tinawomba m'manja ndi mtima wonse, chifukwa tonse tinakulira kumene mtsikana amamuyesa ndi kuwala kwa mapoto a pathandala. Amuna anga mpaka anati, "Bambo, apa mtengo wakwera kawiri." Tsiku limenelo bambo anadya mpaka kuwonjezera, ndipo za tikiti sanazitchule. Ndinasangalala kwambiri.

Loweruka anavala suti ndi chipewa. Njira yonse ankalankhula, kudandaula chimanga chimene chinkangoumira m'minda popanda munthu woba, komanso kuwalangiza amuna anga kasinthidwe ka magiya ngakhale galimoto yathu inali yosintha yokha. Titafika ku Speedway n'kudutsa pafupi ndi bwalo lalikulu la mpikisano wa magalimoto, anafunsa ngati ndi zoona kuti anthu amalipira kuti aonerere galimoto zikungozungulira pamodzimodzi popanda wodwala m'kati. Tinaseka mpaka tinaphonya pokhotera.

Mkulu wa mfuti uja ankagwirira ntchito m'kanyumba kuseri kwa nyumba yake. Anali wamfupi, wamimba, wandevu zoyera, ndipo m'kanyumbamo munkanunkha oyilo. Anatilandira bwino, n'kundipatsa mpando ataona mmene ndinalili. Amuna anga anafunyulula bulangeti. Mkuluyo anayang'ana, anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwavalanso.

"Wachita izi ndani?" anafunsa m'Chingerezi chapansipansi.

Bambo Chingerezi ankachimva bwino. Anabwera kutsogolo, chifuwa chili patsogolo. "Ndine."

Mkuluyo sanakalipe. Anangopumira m'mwamba n'kunena kuti, "Bwana, mwagwira ntchito yaikulu. Koma mwachotsa chinthu chimene chinakhala pamenepa zaka zoposa zana."

Kenaka anatembenuza mfutiyo n'kukoka kachitsulo kena pansi, ndipo kathabwa kogwirira kamene kamakhala pansi pa mipope kanachoka. Bambo sankadziwa kuti kamachoka, choncho pamenepo sitiliwulu sanafike. Panali pofiirira monga kale, koma mkuluyo atayatsa nyale tinaona zimene sitinazione kunyumba. M'kufiirirako munali timizere topiringizana, tina toderapo tina toyererapo, tozungulira mpope wonse ngati tsitsi loluka bwino. Kunali kukongola kwenikweni.

Anatifotokozera pang'onopang'ono, akuloza ndi pensulo. Mipope ya mfuti zakale ili mitundumitundu. Ina ndi chitsulo chimodzi chosungunula, yosalala, yopanda maluwa alionse. Ina, ngati iyi, amisiri ankatenga timizere ta chitsulo chofewa ndi cholimba, kutipota pamodzi ngati chingwe, kutikulunga pandodo yachitsulo kuli moto, n'kumamenya ndi nyundo mpaka tigwirane kukhala mpope. Imeneyi amaitcha damasiko, ndipo timizere tikakhala tating'ono ndi tothithikana ndiye kuti mmisiri anavutikira kwambiri. Koma palinso yachinyengo, ya chitsulo wamba chimene ankangojambulapo maluwa pamwamba kuti apusitse alimi.

"Ikanakhala yachinyengo, bwenzi maluwa onse atapita ndi phulusa lanulo," anatero. "Tiyeni tione."

Anadonthezera kadontho ka mankhwala owawasa pamalo pamene bambo anawalitsa kwambiri. Tonse tinawerama. Pang'onopang'ono, pachitsulo choyeracho panayamba kuoneka timizere tija, tosaoneka bwino koma tomwe tija. Maluwawo anali m'chitsulo mwenimwenimo, osati pamwamba pokha. Kenaka anachotsa mipopeyo pathabwa lake, anaipachika pachala n'kuigogoda ndi pensulo. Inalira ngati belu la kusukulu. Anati ikalira chonchi ndiye kuti mipope iwiriyo idakali yogwirana bwino, koma ikamveka ngati chitini chophwanyika ndiye kuti pena pake pamatuka. Anationetsanso tizidindo tating'ono tokhomedwa pansi pake, tosonyeza kuti inapangidwa ndi kuyesedwa ku Mangalande. Anatichenjeza kuti munthu asadzayerekeze kuikamo zipolopolo zamasiku ano, chifukwa wonga wake ndi waukali ndipo mpope wotere ungaphulikire m'manja.

Amuna anga ndi amene analimba mtima kufunsa za mtengo. Mkuluyo anati ogula mfuti zakale amafuna mtundu wofiirira umene inachoka nawo kwa mmisiri, ngakhale utathetheka. Mmene inalili Lachinayi, ikanagula kagalimoto kakale koyenda bwinobwino. Mmene inalili tsopano, mwina matayala ake ndi batire.

Bambo anavula chipewa. "Ndiye kuti dzimbiri lija linali lofunika?" anafunsa.

"Pali dzimbiri lodya chitsulo, ndipo pali loteteza chitsulo," anayankha mkuluyo. "Ili amisiri analiikapo dala, kuti maluwa aoneke ndiponso kuti dzimbiri loipalo lisalowe."

Anawonjezera kuti mtunduwo ukhoza kubwezeretsedwa. Mtengo wonse sungabwerere, koma kukongola kungabwerere. Ndi ntchito yochedwa, yofuna munthu wodekha, ndipo iye anali ndi mfuti zambiri pamzere. Anatenga kabotolo ka mankhwala ochititsa dzimbiri n'kupatsa amuna anga kuti akapereke kwa mwini mfuti, mwina angadzapeze womuchitira. Bambo sindikudziwa ngati anamva zimenezi. Ankangoyang'ana zala zawo.

Kumasitolo a mumsewu wa Lafayette bambo anakana kutsika m'galimoto. Munthu amene mwezi wapitawo anakangana ndi wogulitsa za mtengo wa nsomba zouma mpaka onse awiri kuseka, tsiku limenelo anangokhala kumbuyo ngati wathiridwa madzi ozizira. Tinagula ufa, chinangwa ndi nyama ya mbuzi mwachangu. Titatsala pang'ono kunyamuka anatsitsa galasi n'kunena kuti akufuna nkhuku yathunthu, yolimba ngati yachikuda, ndipo alipira okha. Yamoyo sitikanaipeza. Tinapeza yosadula pabutchala ina, anailandira n'kuiika pamiyendo.

Titayenda kamtunda anati, "Apongozi, netiweki ija ichire tsopano. Ndikakapepesa kwa mayi aja, ndizipita. Munthu wosowa chochita amawononga za eni."

Mawu awo anali otsika moti amuna anga sakananamanso. Anasinthadi tikitiyo, ndipo tsiku latsopanolo linali masabata angapo nthawi yanga isanakwane. Ndinakwiya ndi aliyense. Ndinakwiyira mfuti, amisiri a ku Mangalande, mkulu wandevu uja ndi pensulo yake, mpaka mandimu. Koma pansi pa mkwiyowo panali mantha. Sindinkafuna kudzakhala mayi kudziko la eni popanda kholo langa pafupi.

Aneba atatuluka m'chipatala tinapita. Bambo anavalanso suti, nkhuku anaiika m'beseni n'kuivundikira ndi kansalu koyera, mfuti ananyamulitsa amuna anga. Tinawapeza aneba ali pampando, mwendo uli pa kasitulo. Anatilozera sofa, koma bambo anakana n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko. Anawomba m'manja mwaulemu n'kuyamba kulankhula m'Chichewa, akuyang'ana ine, kuti ndizimasulira. Aneba anadabwa chifukwa tsiku lililonse ankacheza nawo m'Chingerezi pampanda. Ndinawauza kuti kwathu wolakwa sadzilankhulira yekha, pamafunika wapakati.

Bambo anafotokoza zonse osabisa kanthu, mpaka za matayala ndi batire. Amuna anga anafunyulula bulangeti. Aneba anaiyang'ana mfutiyo nthawi yaitali, ndipo misozi inalengeza. Anati za ndalama analibe nazo ntchito kwenikweni. Koma chaka chilichonse masamba akamagwa, malemu amuna awo ankaitulutsa n'kuipukuta ndi kansalu ka oyilo patebulo la kukhitchini, ndipo mtundu wofiirira uja ndi umene iwo ankaudziwa. Iyi yowalayi inali ngati ya munthu wina. Ndinamasulira ngakhale bambo anali atamva kale.

Kenaka aneba anapukuta m'maso n'kuloza beseni. "Nanga m'menemo muli chiyani?"

Ndinavundukula. Nkhuku ija inali gone, miyendo m'mwamba. Aneba anayesetsa kudzigwira koma zinakanika, anaseka mpaka kugwira bondo lawo lopwetekalo. Ndinawafotokozera kuti nkhukuyo ndi yongotsegulira pakamwa, ndipo wolakwiridwa ndi amene amagamula chindapusa. Anafunsa kuti chilichonse chimene anganene chichitika? Ndinati inde, bola chisakhale ng'ombe, chifukwa m'galimoto mwathu singakwane. Anafunsanso zonse zimene mkulu wa ku Speedway ananena, ndipo amuna anga anatulutsa kabotolo kaja n'kufotokoza. Aneba anakatembenuza m'manja, n'kuwayang'ana bambo pamwamba pa magalasi.

"Amene anachotsa ndi amene abwezeretse," anatero. "Ndipo sindilandira mpaka ifanane ndi kale."

Apa bambo sanadikire womasulira. Anawomba m'manja n'kunena kuti, "Mlandu suwola. Ndamva, mayi."

Umu ndi mmene munthu amene anamenyana ndi dzimbiri moyo wake wonse anayambira kulima dzimbiri m'besimenti mwathu, chipinda cha pansi pa nyumba. Ine anandiletsa kutsikako chifukwa cha fungo la mankhwala, choncho zambiri ndinkazionera pamwamba pa masitepe. Mkulu wa ku Speedway ankawalangiza pafoni, ndipo popeza onse awiri makutu anali atayamba kuvuta, nyumba yonse inaphunzira nawo ntchitoyo. Poyamba anayenera kusalaza timikwingwirima ta phulusa tija. Kenaka kutseka mabowo a mipope ndi timitengo, kutsuka chitsulo kuti pasatsale mafuta ngakhale a chala, kupaka mankhwala mopyapyala, n'kupachika mipopeyo kuti igwire dzimbiri. Likagwira, kulikwecha mopepuka ndi sitiliwulu wofewa kwambiri, kungochotsa lapamwamba, n'kuyambanso. Ulendo uliwonse mtundu umalowa pang'ono.

Koma dzimbiri linakana. Kunja kunali kutayamba kuzizira, hita inkayaka tsiku lonse, ndipo mpweya wa m'nyumba unali wouma ngati m'chilimwe. Bambo ankatsika m'mawa n'kupeza mipope ili mbee ngati dzulo. Ankakwera akung'ung'udza. "Ku Mulanje ukasiya sipanala panja usiku umodzi, mawa yafiira. Kuno ndikuliitana ndi mankhwala, likundikana. Likubwezera chipongwe limeneli."

"Bambo, mwalowatu chipani cha adani anu," ndinawaseka.

"Iwe, usandiyambe," anatero, koma pakamwa pankaoneka kuti pakufuna kumwetulira.

Anatenga katoni yaikulu imene munabwera bedi la mwana, anaiimika, anapachika mipope m'kati, pansi n'kuikapo beseni la madzi otentha ndi matawulo onyowa. Ketulo yanga inasamukira kubesimenti ndipo sinabwererenso. M'mawa wina ndikumwa tiyi ndinamva akukwera masitepe mothamanga, zimene sankachita. Anasuzumira pachitseko, nkhope ili ngwee. "Lagwira," anatero. Anabweretsa mipopeyo pakhomo la besimenti ataigwirira pa timitengo tija kuti ndione. Inali yofiira ngati dothi la katondo, yonyansa zedi, ndipo bambo ankaiyang'ana ngati akuona mbewu yoyamba kumera.

Kuyambira pamenepo m'nyumba munabwerera moyo. Ankadzuka m'mamawa, kukwecha, kupaka, kuwiritsa madzi, kuimba foni ku Speedway. Awiriwo anayamba kukambirana ndi zina, za magalimoto akale ndi za maondo. Timizere tija tinayamba kutuluka, poyamba ngati mthunzi, kenaka bwinobwino, tikupiringizana kuchokera kothera mpaka kothera. Ndikawafunsa kuti zitha liti, ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sinowo yoyamba inagwa iwo ali kubesimenti, ndipo anangotuluka kukaigwira ndi dzanja n'kubwereranso kuntchito.

Chimene chinkandidya mtima n'chakuti ntchitoyo inkayenda bwino kwambiri. Tsiku la tikiti linkayandikira, ndipo mfuti inali itakongola moti ngakhale ine wosadziwa ndinkaona kuti yatha. Amuna anga anajambula zithunzi n'kutumiza ku Speedway. Mkulu uja anaimba yekha, ndipo ndinamva mawu ake kuchokera kukhitchini akunena kuti asiyire pomwepo, apake oyilo, yatheka. Ndinakhala pansi n'kugwira mimba yanga. Sutikesi ya bambo inali kale pakona.

Bambo anabwezera mipope pathabwa lake, anaikulunga m'bulangeti n'kupita okha kwa aneba. Sanachedwe. Anabwera nayo ili m'manja.

"Akana," anatero. "Ati mpope wakumanzere ndi woyererapo."

Anawapempha amuna anga kuti tikiti isunthidwe pang'ono, chifukwa munthu wamlandu sathawa. Amuna anga anaisuntha mwachangu chimene sindinachionepo chikhalire. Bambo anatsikanso kubesimenti, ketulo inayambanso kulira. Patapita masiku anapitanso nayo, ndipo anabweranso nayo. Ulendo uno ati chakumapeto kwada kwambiri. Ulendo wina ati maluwa a pakati sakuoneka ngati mmene amuna awo ankawasiyira.

Apa mtima wanga unagawanika. Ndinkakondwa kuti bambo adakalipo, koma ndinkapsanso mtima kuona nkhalamba ikuzunzidwa chonchi pa mlandu umene inapepesa kale ndi nkhuku. Ndinawauza amuna anga kuti mayi ameneyu wanyanya, maluwa amenewo Lachinayi lija sankawaona n'komwe, ndipo ndikupita kukamuuza mawu awiri. Ndinavala ndi jekete lomwe. Amuna anga anaima pachitseko n'kunena kuti, "Mayi, kunja kukuterera, ndipo nkhani ya akuluakulu isiyeni." Ndinavula jeketelo ndikulalata, koma sindinapite.

Mwana anabadwa m'mawa wina kunja kuli mbuu ndi sinowo, wamkazi, wamawu ngati amake. Bambo anabwera kuchipatala atavala suti ija, koma anakhala pabenchi m'khonde n'kukana kulowa. Ati aona mwanayo akadzatuluka mwamwambo. Ndinalibe mphamvu zokangana nawo.

Masana kunabwera aneba, akuyenda ndi ndodo, atanyamula kachipewa koluka. Ine mkwiyo uja unali usanathe. Atamuyamikira mwana, ndinawafunsa mwaulemu umene ndikanatha kuti kodi mfuti ija adzailandira liti. Anasuzumira kukhonde, n'kukokera mpando pafupi ndi bedi.

Anati ulendo woyamba uja bambo atabwera nayo yokonzedwa n'kufunyulula bulangeti, iwo analira, chifukwa mfutiyo inali yokongola kuposa mmene anaidziwira, ndipo anatambasula manja kuti ailandire. Koma bambo sanaipereke. Anaima pamenepo akuzunguza chipewa m'manja, kenaka anawapempha m'Chingerezi chosankha mawu kuti aikane. Anati akailandira mlandu watha, ndipo mlandu ukatha alibenso chifukwa chimene mwamuna angapereke chokhalira. Zifukwa zonse zija, za mpope wakumanzere ndi maluwa a pakati, ankapangana awiriwo akumwa khofi.

"Musawauze kuti ndakuuzani," anatero aneba. "Ndipo muwauze asiye kuipaka mankhwala, ayamba kuidetsa zenizeni."

Ndinaseka, kenaka ndinalira, ndipo zonse ziwiri zinkandipweteka pamimba. Masabata onsewo ndinkaganiza kuti ndine ndekha amene ndikulimbana kuti bambo akhale. Ndinawauza amuna anga kuti akawaitane, ndipo akakana awauze kuti ndidzuka ndekha kudzawatenga.

Bambo anafika pachitseko n'kuima, chipewa chili m'manja. "Ndilowe?"

"Lowani, bambo. Ndinakuitanirani chimenechi."

Anapita pasinki n'kusamba m'manja nthawi yaitali, koma zala zinakhalabe zofiirira. Anaziyang'ana mokayika. Amuna anga anangomunyamula mwanayo n'kuwaika m'manja. Bambo anakhala pampando pang'onopang'ono n'kusuzumira m'kansalu. Kenaka anamulankhula monga agogo aamuna amalankhulira ndi mdzukulu wamkazi.

"Akazi anga, mwachedwatu," anatero motsitsa mawu. "Ndinatsala pang'ono kuwononganso mfuti ya eni ake pokudikirani."